Wotchinga kumbuyo wopita kutsogolo mu hóquei em patins

Hóquei em patins ndi masewera omenya kampira kolimba ndi ndodo, osewera atavala nsapato zamateyala anayi. Ku Mozambique kuno adazika mizu makamaka ku Maputo, ndipo mu 2011 timu ya dziko lino idakhala ya nambala 4 pa mpikisano wa dziko lonse ku San Juan, ku Argentina.

Timu imakhala ndi anthu asanu: goloboyi ndi anayi, ndipo kawirikawiri awiri mwa anayiwo amatchinga kumbuyo. Mkangano wagona pa wotchinga waliwiro amene amakonda kuthamangira kutsogolo. Omuyamikira amati akapita, omwetsa zigoli amakhala atatu ndipo adani amasowa womugwira. Otsutsa amati bwalo ndi la mamita pafupifupi 40 okha m'litali: kampira kakalandidwa, mnzake amatsala yekha pamaso pa adani awiri kapena atatu. Choncho liwiro lopitira silikwanira. Chofunika ndi liwiro lobwerera, komanso womwetsa zigoli wodziwa kutseka malo osiyidwawo.

Okonda mpira wamiyendo ku Tsangano ndi ku Furancungo amaudziwa mkanganowu. Ndi womwewo umabuka pa wotchinga wakumanzere ngati Reinildo Mandava, yemwe adasewerera Mambas.