Mpweya umene timataya: momwe madokotala anaphunzirira kuuwerenga

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1952, chipatala cha Blegdam mumzinda wa Copenhagen ku Denmark chinadzaza ndi odwala poliyo, ambiri mwa iwo ana. Mwa odwala 31 oyamba amene matendawa anawafoola minofu yopumira, 27 anamwalira. Sikuti madokotala anangokhala manja lende. Ankatenga magazi n'kukayeza, ndipo zotsatira zinkabwera zofanana: mpweya wa carbon dioxide wachuluka zedi m'magazimo. Nambalayo inali yolondola, koma ankaimva molakwika. Malinga ndi kaganizidwe ka nthawiyo, iwo ankati magazi a odwalawo achepa asidi pa chifukwa china chosadziwika. Akaona mwana ali thukuta kamukamu, kuthamanga kwa magazi kwakwera, kenako wakomoka, ankati kachilombo kafika ku ubongo, palibenso chochita.

Bjørn Ibsen, dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni, ataitanidwa kuti adzaoneko, anazindikira zizindikirozo msanga chifukwa ankakumana nazo ku fiyeta. Zinali za munthu amene sakupuma mokwanira, amene mpweya woyenera kutuluka ukungounjikana m'thupi mwake. Pa 27 Ogasiti anamulola kuyesa maganizo akewo pa mtsikana wa zaka 12 amene anali kayakaya. Anamuboola pakhosi, kulowetsa kapaipi, ndipo Ibsen anayamba kumupopera mpweya pofinya thumba la labala ndi manja. Mtsikanayo anatsitsimuka. Poul Astrup, mkulu wa labotale ya chipatalacho, atayeza magazi mwa njira ina anapeza kuti asidi anali wochuluka, osati wochepa, monga momwe Ibsen ankanenera. M'miyezi yotsatira, ophunzira zachipatala pafupifupi 1,500 ankasinthana usana ndi usiku kufinya matumba amenewa pambali pa mabedi, ndipo imfa pakati pa odwala otere zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 90 mwa 100 aliwonse kufika cha m'ma 40, kenako zinapitirira kutsika.

Zoti mpweya wotuluka m'kamwa mwa munthu ndi wosiyana ndi umene walowa zinali zitadziwika kalekale. M'zaka za m'ma 1750, Joseph Black wa ku Scotland anauzira mpweya m'madzi a laimu kudzera m'kapaipi, madziwo n'kuyera ngati mkaka, chimodzimodzi momwe ankachitira ndi mpweya wochokera ku makala oyaka. Ana asukulu amachitabe zimenezi m'kalasi mpaka lero. Patapita zaka pafupifupi 30, Antoine Lavoisier ndi Pierre-Simon Laplace ku Paris anaika mbira m'chiwiya chozunguliridwa ndi madzi oundana. Anayeza madzi amene anasungunuka ndi kutentha kwa kanyamako, anayezanso carbon dioxide amene kankatulutsa, ndipo anagamula kuti kupuma ndi kuyaka kwapang'onopang'ono. Thupi limawotcha chakudya ndi okosijeni, ndipo carbon dioxide ndiye utsi wake.

Fanizo la utsili ndi lothandiza kwa aliyense wofuna kumvetsa ntchito ya makina a lero oyeza carbon dioxide mumpweya wotuluka, otchedwa capnograph. Ukaona utsi ukufuka padenga la khitchini, umadziwa kuti moto ukuyaka komanso kuti utsiwo uli ndi potulukira. M'thupi muli chinthu chinanso pakati: mtima uyenera kupopa magazi kuti anyamule mpweyawo kuchoka m'minofu kukafika nawo m'mapapo. Choncho mpweya umodzi wokha wotuluka umanena za zinthu zitatu, kuyaka kwa thupi, kuyenda kwa magazi ndi kupuma. Ubwino wake wagona pomwepo, ndipo kuvuta kwake kwagonanso pomwepo, chifukwa nambala ikasintha munthu ayenera kudziwa kuti mwa zitatuzo chasokonekera n'chiti.

Amene anasonyeza kuti mpweyawu si zinyalala chabe anali John Scott Haldane wa ku Oxford, pamodzi ndi mnzake J. G. Priestley, m'chaka cha 1905. Njira yawo inali yosavuta. Munthu ankapumira kunja mwamphamvu m'paipi yaitali ya labala, n'kutseka kukamwa kwa paipiyo ndi lilime, ndipo ankatapa mpweya womalizira kutuluka, umene wachokera mkatikati mwa mapapo. Anapeza kuti mlingo wa carbon dioxide mumpweya umenewu umakhala pafupifupi pamodzimodzi nthawi zonse, ndipo ukangokwera pang'ono chabe munthu amayamba kupuma mwamphamvu kwambiri. Ambiri timaganiza kuti chimatikakamiza kupuma ndi njala ya okosijeni. Kwa munthu wathanzi, chimene ubongo umalondalonda kwambiri ndi carbon dioxide. Mpweya womalizira umene Haldane ankatapa ndi womwewo umene makina a masiku ano amalemba nambala yake, ndipo kwa munthu wabwinobwino imakhala pakati pa 35 ndi 45 mmHg.

Vuto linali nthawi. Kuyeza ndi mankhwala kunkatenga mphindi zingapo, pamene wodwala amene wasiya kupuma alibe mphindi zoterozo. Yankho linachokera kwina. M'chaka cha 1859, John Tyndall ku London anapeza kuti carbon dioxide amamwa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, mfundo yomweyo imene lero imafotokoza za kutentha kwa dziko. Ukawalitsa kuwalako kudutsa mumpweya n'kuyeza kotsala, udziwa kuchuluka kwa carbon dioxide nthawi yomweyo. M'zaka za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, Karl Luft wa ku Germany anakonza makina odalirika ogwiritsa ntchito mfundoyi, ndipo m'zaka za m'ma 1950 madokotala ena, monga James Elam ku America, anayamba kuwayesa pa odwala ogonekedwa. Anali makina olemera, okwera mtengo, ovuta kuwasamalira. Anakhalitsa m'zipinda za kafukufuku.

Ulemu waukulu pa nkhaniyi, m'kuona kwanga, uyenera kupita ku Utrecht m'dziko la Netherlands, kwa Bob Smalhout ndi Zden Kalenda. Iwo sanapange makina. Anaphunzitsa anthu kuwerenga. Kwa zaka zambiri ankajambula papepala mzere wa mpweya wa odwala awo, kupuma kulikonse, n'kumaufananiza ndi zimene zinkachitikira wodwalayo pa nthawiyo. Mu 1975 anatulutsa buku la zithunzi za mizereyo, An Atlas of Capnography, ndipo mu 1978 dziko la Netherlands linakhala loyamba kulamula kuti makina a capnograph azikhalapo pogonetsa odwala.

Kodi mzerewo umaoneka bwanji? Munthu akamakoka mpweya, mzere umakhala pansi, pa ziro, chifukwa mumpweya wakunja carbon dioxide ndi wochepa kwambiri, pafupifupi 0.04 peresenti. Akayamba kutulutsa, mzere umakwera chiriri, kenako umayenda chopingasa pamwamba, n'kugwanso chiriri akayamba kukoka. Timabokosi totsatizana, tofanana, ndiye kuti zonse zili bwino. Wodwala mphumu njira zake za mpweya zimakhala zitaphinjika, choncho mzere umakwera mozengereza, chopendekeka, mpaka madokotala amaufanizira ndi chipsepse cha shaki. Mankhwala akagwira ntchito umayambanso kuwongoka, wodwala asananene n'komwe kuti wapezako bwino. Mzere ukamalephera kubwerera pa ziro, wodwala akupumanso mpweya umene watulutsa kale, kawirikawiri chifukwa laimu woyamwa carbon dioxide m'makina ogonetsera watha mphamvu. Timabokosi tikamatalika pang'onopang'ono, kupuma kwachepa kapena thupi latentha. Tikafupika mwadzidzidzi pamene kupuma sikunasinthe, wogonetsa odwala wozindikira sayamba wayang'ana mapapo. Amaganiza za magazi: mwina wodwala akutaya magazi ambiri, mwina mtima wafooka, mwina magazi oundana atseka mtsempha wa m'mapapo.

Koma phindu lalikulu koposa lili pa mphindi imodzi yoopsa ya ku fiyeta. Wodwala wagona, mankhwala ofoola minofu agwira, sangathenso kupuma yekha. Wogonetsa odwala waima kumutu, chitsulo chounikira pakhosi kudzanja lamanzere, chubu kudzanja lamanja. Pakhosi pali makomo awiri oyandikana, kholingo lopita ku mapapo ndi m'mero wopita m'mimba. Ngati pali magazi, masanzi kapena kutupa, ngakhale katswiri angathe kulowetsa chubu m'mero. Akafinya thumba, chifuwa chimatha kuoneka ngati chikukwera. Akamvetsera ndi choyezera cha m'makutu, phokoso la mpweya wolowa m'mimba limatha kumunamiza. Kachipangizo kopana chala koyeza okosijeni kangathe kumasonyezabe 98 kapena 99 kwa mphindi zingapo, popeza wodwalayo anapatsidwa okosijeni wambiri asanagone. Pofika poti nambalayo iyambe kugwa, nthawi yatha kale kwambiri, ndipo ubongo wosowa okosijeni suchedwa kuwonongeka. Capnograph imayankha pa kupuma koyambirira komwe. M'mimba simuchokera carbon dioxide wopitirira. Ngati timabokosi sitikutuluka motsatizana, chubu chili polakwika, ndipo chiyenera kuzulidwa.

Kuyambira mu 1986, pamene zipatala za Harvard ndi bungwe la madokotala ogonetsa odwala ku America anakhazikitsa malamulo a kayang'aniridwe ka odwala ku fiyeta, makinawa anafalikira m'mayiko olemera mpaka kukhala chinthu chimene palibe angayambe opaleshoni popanda icho. Kunja kwa fiyeta anachedwa kufika. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa NAP4, wofalitsidwa mu 2011, anapeza kuti pa imfa zokhudza njira ya mpweya m'zipinda za odwala kayakaya, zoposa 70 pa 100 zilizonse zinakhudzana ndi kusagwiritsa ntchito capnograph. Anapezanso chinthu chopweteka mtima kwambiri. Nthawi zina makinawo analipo, mzere unali gone pansi, koma ogwira ntchito anaupezera chifukwa china: ankati mtima waima, n'chifukwa chake palibe chikutuluka. Cholakwa cha ku Copenhagen chinabwereranso patatha zaka 60, makina akunena zoona, anthu n'kumamva zina. Choonadi n'chakuti ngakhale mtima utaima, munthu akamadinikizidwa pachifuwa bwino timabokosi timaonekabe, tating'ono koma tilipo. N'chifukwa chake mu 2018 mabungwe a madokotalawa ku Britain anayamba kulalikira lamulo lalifupi, lakuti mzere ukasowa, chubu chasochera.

Kalenda anali atalemba kale mu 1978 kuti mzerewu ungasonyeze ngati kudinikiza pachifuwa kukuyendetsadi magazi. Mu 2010 bungwe la American Heart Association linaika mfundoyi m'malangizo ake. Nambala ikakhala pansi pa 10, wodinikizayo awonjezere mphamvu kapena apatse mnzake. Ikalumpha mwadzidzidzi, kawirikawiri ndiye kuti mtima wayambanso kugunda.

Malawi ali ndi malo ake m'mbiri imeneyi, ndipo ndi malo oyenera kudziwika. Kuno ntchito yambiri yogonetsa odwala imagwiridwa ndi makiliniko ofesa, nthawi zambiri munthu mmodzi yekha usiku pachipatala cha boma, mayi wovutika pobereka ali patebulo. Mu Januwale 2017 ntchito yotchedwa Global Capnography Project inayambika m'dziko muno, yoyamba ya mtundu wake m'dziko losauka. Ofufuza, a kuno ndi a kunja, anapeza kuti m'zipatala zisanu ndi zitatu zimene anagwira nazo ntchito, fiyeta imodzi yokha ndi imene inali ndi capnograph, ndipo m'zipinda za odwala kayakaya munalibiretu. Anapereka makina 40 n'kuphunzitsa ogonetsa odwala 32 kwa tsiku limodzi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, 24 mwa iwo ananena kuti makinawa anawathandiza kuzindikira maulendo 44 pamene chubu chinalowa m'mero. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya Anaesthesia.

Nambala ya 44 imandikhudza kwambiri. Sikutanthauza kuti ogwira ntchito athu ndi osasamala. Kusocheretsa chubu kumachitika ku London ndi ku Boston komwe. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko amadziwa m'masekondi ochepa. Anthu omwewo, manja omwewo, ankagwira ntchitoyi zaka zonsezi popanda chowauza, ndipo wodwala akatsikira kuli chete achibale ankangomva kuti sanadzuke ku mankhwala.

Malamulo a chitetezo cha odwala ogonekedwa amene WHO ndi bungwe la padziko lonse la ogonetsa odwala la WFSA anatulutsa mu 2018 anavomereza poyera kuti chotchinga chachikulu chinali kusowa kwa makina olimba ndi otsika mtengo. Mu 2023 mabungwe a Smile Train ndi Lifebox anatulutsa capnograph yopangidwira zipatala zonga zathu, yokhala ndi batire yoti izigwirabe ntchito magetsi akazima. Komabe kulandira makina ndi chiyambi chabe. Timapaipi totapa mpweya timatsekeka ndi chinyontho ndipo timafuna kusinthidwa. Tikatha, makina a ndalama zambiri amakakhala m'kabati. Ogwira ntchito amasamutsidwa, atsopano amabwera asanaonepo chipsepse cha shaki chija. Akuluakulu oyang'anira zipatala m'maboma ayenera kuika timapaipi timeneti pa mndandanda wa zogula chaka ndi chaka, limodzi ndi magolovesi ndi masirinji, ndipo sukulu zophunzitsa makiliniko ofesa ndi anamwino ziyenera kuyesa ophunzira awo pa kuwerenga mizereyi asanapatsidwe wodwala woyamba.