Kuchokera ku Magwero mpaka kukhoti: momwe olumala anapezera mawu

Lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Palibe nkhalamba ya kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe imene siudziwa mwambi umenewu, ndipo amaunena ndi mtima wonse akamadzudzula mwana woseka mnzake wotsimphina. Komabe m'midzi yomweyi munkachitika kuti alendo akafika, mwana wolumala ankamulowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mwambi unkaletsa kuseka. Za sukulu, za ntchito, za kuvota, mwambiwo sunanenepo kanthu. Zimenezo anachita kuzimenyera eni ake, ndipo zatenga zaka zoposa 100.

Ambiri sadziwa kuti nkhaniyi inayambira kuno Kum'mawa kwa Zambia. Mu 1905, pa mishoni ya Dutch Reformed ku Magwero, kufupi ndi Chipata, Mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu. Imeneyo ndiyo inali sukulu yoyamba ya mtundu wake m'dziko lino. Iwo atamwalira, ntchitoyo anaitenga Ella Botes, amene anaphunzitsaponso akhungu ku Nyanje, m'boma la Sinda la lero, sukuluyo isanakhazikike ku Magwero. Mu 1955 anatsegulanso chigawo cha ogontha pamalo omwewo. Tisawachepetse amishoniwa: mwana amene kumudzi ankangomuyembekezera kuti adzakhale wopempha, ku Magwero ankawerenga Baibulo ndi zala. Koma inali ntchito ya chifundo. Wopatsa ndiye ankasankha chopereka, nthawi yake ndi muyeso wake, ndipo wolandira ankangoti zikomo.

Boma la ufulu nalonso linayamba ndi mtima womwewo. Lamulo la 1968, Handicapped Persons Act, linakhazikitsa Zambia Council for the Handicapped, bungwe loti liziyang'anira olumala ndi kuwapezera pokhala ndi zochita. Liwu lalikulu linali kuyang'anira. Ngakhale zinali choncho, ena anadzipezera okha njira. Woimba wosaona Lazarus Tembo, amene nyimbo zake za Chinyanja zinkalira pa wailesi m'nyumba zambiri, anafika pokhala nduna yaing'ono yoona za chikhalidwe m'boma la Kenneth Kaunda. Anthu ankamutchula ngati chodabwitsa, ndipo kudabwako kukusonyeza kumene maganizo athu anali.

Mphepo inatembenuka m'zaka za m'ma 1980. Bungwe la United Nations linatcha 1981 chaka cha olumala padziko lonse, ndipo chaka chomwecho ku Singapore kunabadwa Disabled Peoples' International, gulu loyendetsedwa ndi olumala eni ake, osati madokotala kapena abusa owalankhulira. Kuno kum'mwera kwa Africa kunabadwa mgwirizano wa magulu a olumala wa SAFOD mu 1986, ndipo m'Zambia magulu a akhungu, ogontha ndi olumala miyendo anaona kuti mutu umodzi susenza denga, nagwirizana pansi pa ZAFOD. Apa ndipo panasintha chilankhulo. Amene kale ankapita kwa nduna kukapempha mabulangete, tsopano ankapita ndi pepala lonena ndime ya lamulo imene akufuna isinthidwe.

Chipatso choyamba chinali lamulo la 1996, Persons with Disabilities Act, limene linakhazikitsa ZAPD, nthambi ya boma yoona za olumala. Kenako pa 13 Disembala 2006 United Nations inavomereza pangano la ufulu wa olumala. Zambia inasaina mu 2008 n'kulivomereza kwathunthu mu Febuluwale 2010. Mapangano otere ambiri amagona m'kabati. Ili silinagone, chifukwa anthu anapita nalo kukhoti.

Mu 2011, masankho akuyandikira, Sela Brotherton, m'malo mwa ZAFOD, anasumira Electoral Commission of Zambia ku khoti lalikulu ku Lusaka. Madandaulo ake anali a zinthu zooneka ndi maso, zimene aliyense amene anavoterapo pa sukulu ya pulayimale akuzidziwa: masitepe pakhomo, zitseko zopanikiza, tebulo lochongera lotalika kwa munthu wokhala pa njinga ya olumala. Kwa wosaona vuto linali lina. Chipangizo chomuthandiza kupapasa pepala lovotera chinalipo pa voti ya pulezidenti yokha; pa ya phungu ndi ya khansala ankayenera kunong'oneza wina kuti amuchongere. Tangoganizani mudzi umene aliyense amadziwa chipani cha mnzake, inu n'kumauza mphwanu kapena mlamu wanu dzina la amene mwasankha. Chinsinsi cha voti chathera pomwepo, ndipo ngati wachonga pena simudzadziwa.

Khoti linagamula mu Sepitembala chaka chomwecho kuti bungwe la masankho linawasala olumala. Linakana kuimitsa masankho a pa 20 Sepitembala, amene anali atafika kale pakhomo, koma linalamula kuti pofika masankho a 2016 zinthu zikhale zitakonzedwa. Ena anati chigamulocho n'chofunda chosafika kumapazi. Ine ndimachiona mwina. Nthambi yaikulu ya boma inauzidwa ndi woweruza kuti sitepe ya simenti ikhoza kukhala tsankho, ngakhale woimangayo analibe chidani ndi munthu.

Chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Persons with Disabilities Act Na. 6 ya 2012, m'malo mwa lamulo la 1996. Lamuloli limaletsa kusala munthu pa ntchito, pa sukulu ndi kuchipatala chifukwa cha ulumali, ndipo limapatsa ZAPD mphamvu yoyendera nyumba zofikamo anthu onse ndi kulamula mwini wake kuti akonze polowera. Malawi nayenso anakhazikitsa lamulo lake la olumala chaka chomwecho, moti Achewa a mbali zonse ziwiri za malire analandira malonjezo ofanana nthawi imodzi.

Odwala matenda a maganizo anabwera pambuyo, monga mwa nthawi zonse. Mu 2017, pa mlandu wa Gordon Mwewa ndi anzake, khoti lalikulu linati mawu onyoza amene lamulo la atsamunda la 1949 linkawatchulira ndi osemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2019 panabwera Mental Health Act, ngakhale omenyera ufulu monga Sylvester Katontoka sanakhutire ndi ndime yonena za mphamvu ya wodwala yodzisankhira yekha zochita. Panalinso kugwa. Pa 11 Ogasiti 2016, referendamu yofuna kukulitsa ndime za ufulu wachibadwidwe inalephera chifukwa ovota sanafike theka la oyenera kuvota. N'chifukwa chake mpaka lero ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko, imene imatchula mtundu, khungu, chipembedzo ndi zina monga zifukwa zosayenera kusalira munthu, siitchula ulumali.

Zambiri za malamulozi zinachitikira ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera pa Katete. Nanga kuno chafika n'chiyani?

Chimene chafika m'manja mwa anthu ndi ndalama. Katete ali ndi malo ake m'mbiri ya social cash transfer: ntchitoyi itayesedwa koyamba ku Kalomo mu 2003, kuno mu 2007 ndiko anayesera kupereka ndalama ya mwezi kwa aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo. Lero ntchitoyi ili m'dziko lonse, ndipo banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri limalandira yochulukirapo. Ndalamayo yagula ufa, sopo ndi yunifolomu, ndipo wonyoza ndi amene sanagonepo ndi njala. Koma kuti munthu adziwike kuti ndi wolumala pamafunika pepala la dokotala ndi kulembetsa. Wa pafupi ndi St Francis, chipatala cha mishoni chimene chakhala pa Katete kuyambira 1948, kapena wa pafupi ndi Nyanje, angakwanitse. Wa kumapiri a Vubwi, kwa Pembamoyo, amene ayenera kunyamulidwa pa njinga yakapalasa kapena pa ngolo nthawi ya dzinja, nthawi zambiri amangokhala. Ndipo wosalembedwa sawerengedwa. Kalembera wa 2010 anapeza olumala pafupifupi awiri mwa anthu 100 alionse. Kafukufuku wapadera wa 2015, amene anafunsa mafunso mwa njira ina, anapeza 10.9 peresenti mwa akuluakulu ndi 4.4 peresenti mwa ana. Anthuwo sanachuluke m'zaka zisanu. Analipo kale, kuseri kwa chitseko chija.

Kwa ine, bwalo lenileni la mlanduwu lasamuka. Kuyambira 2022, pamene thumba la chitukuko cha madera a aphungu la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, zipinda zophunzirira, zimbudzi ndi nyumba zochirira amayi sizikugamulidwanso ku Lusaka kokha. Zikugamulidwa m'makomiti a ku Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi, ndi anthu amene timakumana nawo kumsika ndi kumaliro. Kukula kwa chitseko cha chimbudzi cha sukulu, kapena ngati pakhomo pa kalasi pakhale sitepe kapena potsetsereka, zimathera pa pulani imene kontilakitala amalandira maziko asanakumbidwe. Simenti ikauma, kukonza kumafuna ndalama ina imene palibe adzaipeze. Sela Brotherton anafunika maloya ndi woweruza wa khoti lalikulu kuti sitepe itchedwe tsankho. Wa ku Milanzi akufunika kudziwa tsiku la msonkhano wa komiti, mayendedwe okafikira kumeneko, womasulira chilankhulo cha manja ngati samva, ndi mpando patebulo pulaniyo isanasainidwe.