Chikasu: muzu, mtundu ndi matenda

Mawu akuti chikasu timawatchula pa zinthu zitatu. Ndi muzu uja timasinja n'kuthira mu ndiwo. Ndi mtundu wa nthochi yakupsa. Komanso maso a munthu akasintha chifukwa chiwindi chavuta, timati wadwala chikasu. Anzathu olankhula Chiswahili nawonso mawu awo akuti manjano amatanthauza muzuwo ndi mtundu womwe. Chinthu sichipereka dzina lake ku mtundu ngati chinabwera dzulo.

Kwawo kwenikweni ndi ku India, kumene amachitcha haldi. Kumeneko akhala akuphikira, kunyikira nsalu, kupaka akwati ndi kuika pa zilonda kwa zaka masauzande. Ngalawa za amalonda zinachifikitsa ku gombe la kum'mawa kwa Africa, gombe lomwelo limene Ayao ndi Abisa ankapitako ndi minyanga n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda.

Ife a ku Kafue, tauni yathu ndi yaing'ono poyerekeza ndi mbiri imeneyi. Njanji inawoloka mtsinje wathu mu 1906. M'zaka zomwezo amalonda ochokera ku Gujarat anayamba kukhazikika ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ndipo ena anatsegula masitolo m'matauni a m'mbali mwa njanji. Ufa wa kale umene tinazolowera kugula m'masitolo, chimene chimaupatsa mtundu wake ndi chikasu. Mafakitale a Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles atakoka antchito ochokera m'zigawo zonse, aliyense anabwera ndi kaphikidwe kake. Kwa ambiri a ife chikasu chinali chokometsera nkhuku, mpunga ndi nsomba basi. Panalibe amene ankachimeza ngati piritsi.

Asayansi anachifikira mochedwa. Mu 1815 Vogel ndi Pelletier anapatula curcumin, chinthu chimene chimapereka mtunduwo. Nkhani imene imatiseketsa ndi ya mu 1995, pamene ofufuza awiri a ku University of Mississippi Medical Center anapatsidwa chiphaso cha boma la America chonena kuti nzeru yopoletsa zilonda ndi chikasu ndi yawo. Bungwe la sayansi la ku India, CSIR, linakana. Linatulutsa zolemba zakale zosonyeza kuti agogo akumeneko ankachita zimenezi kalekale, ndipo mu 1997 chiphasocho chinafafanizidwa.

Koma kupambana mlandu si kuchiza matenda onse. Mu ufa wa chikasu, curcumin ndi wochepa, pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse, ndipo wochepayo matumbo athu amavutika kumuyamwa. M'kafukufuku wina waoneka kuti amachepetsako ululu wa m'mawondo kwa anthu ena. Zoti amachiza khansa, shuga kapena BP, umboni wake palibe, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp akuwa chotani. Tikukumbukira nthawi ya Covid-19 mu 2020 ndi 2021, pamene tinkawiritsa chikasu, jinja ndi mandimu pafupifupi nyumba iliyonse. Kapu yotentha inkafewetsa pakhosi, inde, koma kachilomboko sikankaiopa. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi mayi kapena bambo amene amasiya mapiritsi a ku kiliniki chifukwa wogulitsa wina wamulonjeza kuti botolo la chikasu likwanira.

Mabotolo amenewo ndiwo chinthu chatsopano m'mbiri yonseyi. Opanga amaunjika curcumin wambiri mu kapisozi kamodzi, n'kuwonjezera piperine wochokera ku tsabola wakuda kuti thupi liyamwe zochuluka. Mu 2019 ku Italy anthu angapo anadwala chiwindi atamwa makapisozi otere, ndipo mu 2023 bungwe loona za mankhwala ku Australia linachenjeza za vuto lomweli. Sizichitika kwa ambiri, ndipo supuni ya mu ndiwo siili pa mlanduwu. Koma amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena ali ndi vuto la ndulu, ayambe wafunsa kuchipatala asanagule botolo.

Ena mwa odwala aja anafika kuchipatala mkodzo uli wakuda, maso atasanduka achikasu.