Makalata 10,000,000 ndi Cisankho ca ku America ca 1936

Mfumu ya pamudzi ikafuna kudziwa za kumtima kwa anthu ace sibvutika kwambiri, pakuti imawaitana pabwalo, niona nkhope zao ndi kumva mau ao. Koma dziko lalikulu silingasonkhane pansi pa mtengo umodzi. Cifukwa ca ici anthu anapeza njira yofunsa ena okha, kuti mwa mayankho a amenewo adziwe cipani cimene mtundu wonse ucifuna, tsiku la cisankho lisanafike. Njira imeneyi inayesedwa kolimba ku United States of America m'caka ca 1936, ndipo amene anagwa pamayesopo ndiwo amene anafunsa anthu ambiri koposa.

Masiku amenewo anali obvuta. Kuyambira mu 1929 malonda anagwa pa dziko lonse, kotero kuti ngakhale migodi ina ya mkuwa ya m'Northern Rhodesia, monga wa Nchanga, inatsekedwa mu 1931. Ku America pofika 1933 munthu mmodzi mwa anai alionse ofuna nchito analibe nchito. Purezidenti Franklin Roosevelt, wa cipani ca Democratic, anayamba kugwiritsa nchito ndalama za boma polemba amalova nchito ndi pothandiza okalamba. Osauka anamkonda, koma olemera ambiri anadandaula kuti ali kumwaza cuma ca dziko. Pa cisankho ca 1936 cipani ca Republican cinaimika Alfred Landon, bwanamkubwa wa cigawo ca Kansas, kuti alimbane naye.

Mu mzinda wa New York munali magazini yochuka yochedwa Literary Digest, yotuluka sabata iliyonse. Magaziniyi inali ndi mwambo wotumiza makalata kwa anthu pa nyengo ya cisankho, kuwafunsa munthu amene adzamponyera voti. Pa zisankho za 1920, 1924, 1928 ndi 1932 inachula wopambana molondola, ndipo anthu anafika poikhulupirira monga amakhulupirira sing'anga amene maula ace sanaphonyepo. Tsono mu 1936 eni ace anafuna kuposa kale. Anatumiza makalata pafupifupi 10,000,000, ndipo oposa 2,300,000 anabwerera ndi mayankho. Atawerenga onsewo analengeza kuti mwa anthu 100 alionse, 57 adzasankha Landon ndipo 43 okha adzasankha Roosevelt.

Panali munthu wina amene sanagwirizane nao, dzina lace George Gallup. Iyeyu anabadwira ku Iowa mu 1901, ndipo mu 1935 anakhazikitsa kabungwe kace kofufuza maganizo a anthu ku Princeton. Zimene anapeza anali kugulitsa kwa eni manyuzipepala, nawalonjeza kuti adzawabwezera ndalama zao ngati magazini ija ikamposa pa kulondola. Coposa apo, magaziniyo isanatumize n'komwe makalata ace, iye ananeneratu kuti idzapeza kuti Landon ndiye wopambana, ndi kuti idzakhala italakwa. Mkonzi wa Literary Digest anapsa mtima, namnyoza poyera.

Nzeru ya Gallup inali yodziwika kwa mai aliyense wophika ndiwo. Pofuna kudziwa ngati mcere wakolera samwa mphika wonse ai. Amatakasa bwino, nalawa pang'ono pokha. Koma akalawa asanatakase, ngakhale amwe theka la mphika, sadziwa coona. Motero Gallup anatuma anthu ace kukafunsa pakamwa, nawauza kuti apeze amuna ndi akazi, acinyamata ndi okalamba, a m'mizinda ndi a kumidzi, olemera ndi osauka, gulu lililonse monga mwa kucuruka kwace m'dziko. Anafunsa anthu ngati 50,000 cabe, nanena kuti Roosevelt adzapeza mavoti pafupifupi 56 pa 100 alionse.

Pa 3 November anthu anaponya voti. Roosevelt anapeza mavoti pafupifupi 61 pa 100 alionse, napambana m'zigawo 46 mwa zigawo 48 za masiku amenewo. Landon anangotenga Maine ndi Vermont. Ngakhale kwao ku Kansas anamkana. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere: ciwerengero cacikuru cija cinali cobvunda m'kati.

Kodi cinalakwika n'ciani? Coyamba cinali kumene magaziniyo inatenga maina a anthu owalembera. Inawatenga m'mabuku a eni lamya, m'kaundula wa eni galimoto, ndi pa mndandanda wa ogula magaziniyo. Koma pa nthawi ya umphawi wotero mabanja oposa theka analibe lamya m'nyumba. Munthu wosowa nchito, amene anali kudya cifukwa ca thandizo la boma, dzina lace silinali kupezeka kawirikawiri m'mabuku otere. Pa zisankho zam'mbuyo cilema cimeneci cinabisika, popeza olemera ndi osauka sanali kusiyana kwambiri posankha. Mu 1936 anasiyana ndithu.

Kwa zaka zambiri anthu anayesa kuti cifukwa ndi cokhaco. Koma panali cina cacikuru cimene cinaoneka bwino pambuyo pace. Mu 1937 a Gallup anafunsa anthu ngati analandira kalata ya magazini ija, ndi ngati anaibweza. Mphunzitsi wina wa za ndale, Peverill Squire, atapenda mayankho amenewa mu 1988, anapeza kuti ambiri mwa olandira makalata anali a Roosevelt ndithu, koma sanasamale kuyankha. Mwa anthu anai alionse olandira kalata, atatu anaitaya. Amene anacita khama kulemba ndi kupita ku positi anali makamaka aja okwiya ndi boma. Akulu anati, wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Wokhuta anagona tulo, ndipo magazini inayesa kuti m'nyumba monse muli odwala okhaokha. Manyazi amenewa sinawapirire nthawi yaitali. Pofika 1938 inaleka kutuluka, ndipo dzina la Gallup linakwera m'malo mwace.

Koma nayenso tsiku lace linali kudza. Pa cisankho ca 1948 Purezidenti Harry Truman analimbana ndi Thomas Dewey, bwanamkubwa wa New York. Gallup pamodzi ndi ofufuza ena ochuka ananena kuti Dewey adzapambana. Iwo anadzikhulupirira kwambiri, kotero kuti Gallup analeka kufunsa kutatsala ngati masabata awiri, pamene Truman anali kuyendabe pa sitima ya pamtunda, kuima m'masiteshoni ndi kulankhula kwa alimi ndi anchito. Anthu ambiri okayika anatsimikiza mtima m'masiku otsirizawo, ndipo palibe amene anawafunsa. Panalinso bvuto m'njira yeniyeniyo. Wofunsa anauzidwa ciwerengero ca amuna, akazi kapena osauka oti awapeze, koma kusankha munthu weniweni kunali kwa iye mwini. Ndani angadabwe kuti ambiri anapita kwa obvala bwino ndi ku nyumba zapafupi ndi mseu, nalambalala makomboni? Pambuyo pa caka cimeneco ofufuza anayamba kusankha nyumba zofunsamo mwa maere, kuti maso a wofunsa asakhale ndi mphamvu, ndiponso anayamba kufunsa kufikira masiku otsiriza.

Usiku wa cisankhoco, pa 2 November 1948, nyuzipepala ya Chicago Daily Tribune inasindikiza msanga mavoti asanathe kuwerengedwa, nilemba ndi malemba akuluakulu pa tsamba loyamba kuti Dewey wagonjetsa Truman. M'mawa mwace kunamveka kuti wapambana ndi Truman. Patapita tsiku lina, sitima yace itaima pa St. Louis paulendo wobwerera ku Washington, wina anampatsira nyuzipepala ija. Truman anainyamula m'mwamba ndi manja awiri, akuseka, ndipo ojambula anamjambula pomwepo.