Kuchoka ku Ndende Kufika ku Chipatala cha Kwathu

Kale odwala misala ankasungidwa pamodzi ndi apandu. Mu 1910 boma la atsamunda linawapatulira malo pa ndende ya Zomba, ndipo chipatala chawochawo chinatsegulidwa mu 1953. Banja lotumiza mwana kutali chotero linkakhala ngati lamuika m'manda ali moyo.

Zinthu zinatembenuka mu 1978, pamene maiko anasonkhana ku Alma-Ata nagwirizana kuti chithandizo chizifika kumene anthu akukhala. Yohane wa Mulungu Woyera anatsekeredwapo ku Granada ngati wamisala. Abale a chipani chake anafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990 nayamba kuyendera odwala m'midzi. Ku Harare nako, Dr. Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa zipatala zazing'ono, namamvetsera olemedwa mumtima.

Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti katswiri wa za maganizo, amene amachiza ndi kumvetsera ndi uphungu, malo ake ndi pa chipatala chaching'ono cha kwathu. Mai wodandaula mutu ndi kusoŵa tulo kaŵirikaŵiri nthenda yake ndi nkhaŵa. Katswiri akakhala pafupi amaizindikira msanga, naphunzitsanso anamwino kutero, munthu asanafike poganiza zodzipha.

Nanga ife m'miphakati mwathu? Mutu umodzi susenza denga. Tileke kubisa odwala athu m'nyumba chifukwa cha manyazi. Tiwapempherere, ndiponso tiwaperekeze ku chipatala nthenda isanakule.