Sitima: mawu omwe anayambira pa Shire n'kukakwera njanji

Funsani mwana wa sukulu kuti sitima pa Chingerezi amati chiyani, akuyankhani msangamsanga kuti "train". Sanalakwe. Koma mawu omwe tinabwereka ndi "steamer", chombo choyendera nthunzi, ndipo ine ndimaona kuti anatulukira kwathu kuno ku chigwa cha Shire.

Mu 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa chombo chotchedwa Ma Robert mpaka kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa. Kumtunda kwake mathithi a Kapichira anamutsekera njira. Mu 1875 Ilala yoyamba inadutsa momwemo. Pa mathithipo anaiphwasula, anthu n'kusenza zidutswa zake pamutu. Kenako zombo za African Lakes Company zinkaima kwa Katunga ndi ku Chiromo, kutsitsa katundu wopita ku Blantyre.

Lilime lathu silikonda "st" woyandikana, ndiye timaikapo "i", monga mu sitolo ndi siteshoni. "Er" wakumapeto Angerezi samutchula bwino "r" wake, choncho makutu athu anamva "a", ngati mu dalaivala. Basi, sitima.

Chomwe chimandisangalatsa n'chotsatira. Madzi a Shire atayamba kuchepa, zombo zinkatitimira mumchenga, ndipo anamanga njanji kuchokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, kudzera ku Chiromo, yomwe inafika ku Blantyre mu 1908. Chinthu chatsopanochi chinkafuka utsi, chinkaliza mluzu, chinkanyamula katundu yemweyo. Dzina lina la chiyani? Anthu anangoti sitima ya pamtunda, inayo n'kukhala ya pamadzi. Mngerezi kawirikawiri satchula "train" kuti "steamer"; kwa iye makamaka ndi chombo, kapena poto wophikira ndi nthunzi. Ife tinasunga ntchito ya chinthucho, nthunzi tinaitaya. N'chifukwa chake Ilala ya panyanja, yomwe yayendera dizilo kuyambira 1951, ndi sitima ndithu, palibe amadabwa.

Zachisoni n'zoti chigwa chomwe chinabala mawuwa chinadzasowa sitima zonse ziwiri. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo. Mu 2010 Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, koma chombo chomwe anthu ankadikira pa mwambowo chinagwidwa ku Mozambique. Ana ambiri a ku Bangula anakula akumva za sitima kwa agogo awo, njanji ili pomwepo itamera udzu.