Kukoka

Kwa Mphuka, makaniko akanena kuti galimoto "ikukoka", sakunena za chingwe kapena ngolo ayi. Akutanthauza kuti ukangofewetsa dzanja pa chiwongolero, galimotoyo imalowera yokha mbali imodzi. Matayala akutsogolo amakhala atasiya kuyang'ana kumodzi, kawirikawiri chifukwa chogunda dzenje, kapena mabushi ndi masipuling'i akatha. Misewu yafumbi yodutsa m'minda ya tiyi ku Thyolo imabweretsa vutoli msanga, makamaka pa galimoto yakale yaliwiro, yomwe mimba yake imayandikira pansi.

Yendetsani chala pa tayala la galimoto yokoka: mupeza kuti mbali ina yasalala ngati chikhatho, ina ikadali ndi mano. Ine zimandiwawa kuona munthu akugula matayala atsopano asanakonzetse alaimenti yoti aziyang'ana kumodzi, poti nawonso adzadyeka mbali yomweyo.